A Mukela Pathamanda la Milamba

A Akabiwa Mukela anafika ku Ndake dziko litangolandila ufulu, masiku amene boma linkatola munthu kumadzulo n'kumuponya kum'mawa kuti mitundu idziwane. Anali mphunzitsi, Mlozi wa ku Mongu, wamtali ngati nsungwi, wokulila m'bwato pa Zambezi. Atangotsika lole pa Nyimba, tauni ya dela la Ndake, funso lawo loyamba silinali la sukulu ayi. "Kodi mtsinje uli kuti?" Anthu atawalozela kamtsinje ka mchenga wokhawokha, anaseka mpaka kugwetsa sutikesi.

Munthu ameneyu ndi nsomba, abale! Ana akatopa ndi masamu ankangofunsa kuti, "Aphunzitsi, Zambezi ndi wamkulu bwanji?" Basitu. Belu linkalila iwo akupalasa bwato ndi tsache kutsogolo kwa kalasi. Mbewa anazikanilatu, ati nyama yosachokela m'madzi siiwatsika pakhosi.

Amene anawagonjetsa ndi Ennie, mtsikana wogulitsa nthochi pamsewu. Anagula nthochi a Mukela, lelo nthochi, mailo nthochi, mpaka mimba inayamba kudandaula. Ennie anawalola. A Febian, malume ake, nawo analola. Koma amake Ennie, mayi wamfupi wapakamwa ngati lumo, anakana kwamtuwagalu. "Anthu a boma ndi mbalame," ankatelo. "Mailo amusamutsa, mwana wanga apite naye kumadzi uko. Ndidzamuona liti?"

A Mukela sanataye mtima. Anayamba kusunga mwambo ngati mkamwini weniweni. Akangoona mayiyo akubwela panjila, ankalumphila kutchile, kugwada, kuomba m'manja, maso pansi, minga ili mbwee m'thalauza. Paja kuno mkamwini sayang'ana apongozi kumaso. Zowakhudza ndiye musatchule n'komwe.

Dzuwa litafika poŵaula, mtsinje wa pafupi ndi mudzi unaphwa n'kusiya thamanda limodzi lalikulu, ndipo mudzi wonse unapangana tsiku lokavuula nsomba. Ennie anawanong'oneza kuti, "Amai amakonda mlamba kuposa nyama. Mukawagwilila waukulu, kaya, mwina mtima ungafewe."

Ha! Kuuza Mlozi zimenezo! A Mukela anafika pathamandapo akuvina okha. Azimayi anali atandanda kale m'madzi ndi madengu, akuimba, akupondaponda kuti nsomba zisokonezeke. Madzi anasanduka phala. Amuna ankabaya ndi mikondo m'mphepete, koma a Mukela anangovula shati. "Kwathu mlamba timagwila ndi manja," anatelo, n'kumila.

Pansi pamenepo maso alibe ntchito. Anafufuza m'matope, anafufuza, mpaka dzanja linakhudza chinthu chotelela, chonenepa bwino, champhamvu. Chinapalapata. Iwo anachikanyanga ndi manja onse awili, n'kuvuuka nacho akufuula, "Ndaugwila! Ennie, bwela ndi dengu!"

Unali mwendo.

Mwini mwendowo anali atagwa chagada, khuvuu, dengu litawavindikila kumutu. Dengu litachoka, nkhope imene inatuluka m'matopemo inali ya amake Ennie. Nyimbo inaduka. Ndipo choipitsitsa n'chakuti a Mukela, chifukwa cha mantha, manja anawauma, moti anaimabe chilili atagwila akakolo a mayiyo m'mwamba.

"Febian!" anakuwa amake Ennie, poti ngakhale pamenepo sakanalankhula ndi mkamwini mwachindunji. "Muuze munthu wakoyu andibwezele mwendo wanga!"

Kuseka kumene kunabuka apo sikunaonekepo. Azimayi anataya madengu, nsomba n'kubwelela m'madzi. Wina anaseka mpaka anamwa matope. Ennie anabisa nkhope m'chitenje, mapewa akugwedezeka, osadziwika ngati akulila kapena akuseka. A Mukela anamilanso pang'onopang'ono mpaka kunatsala mphuno yokha. Mumtima ankalila zenizeni, poti ankadziwa kuti Ennie wawapulumuka.

M'mawa mwake a Mukela anaitanidwa kwa amake Ennie. Anapita atamanga kale katundu, nagwada patali pabwalo. Amake Ennie anakhala atawafulatila, akulankhula ndi mlongo wawo.

"Febian, muuze kuti ndaganiza. Munthu ameneyu akachoka muno, nkhani iyi ikafika ku Mongu. Alozi onse azikaseka mwendo wanga m'mabwato mwawo. Ine zimenezo ayi! Sachoka. Amutenge Ennie, koma nyumba amange kuseli kwa nkhokwe yanga, poti ndizimuona. Boma likadzamuitana, asiye choko agwile khasu. Akavomela, avomele pano."

A Febian asanatsegule pakamwa kuti abweleze mawuwo, a Mukela anali ataomba kale m'manja ngati mvula pamalata. "Ndavomela! Amalume, auzeni kuti ndavomela!" Pobwelela anathamanga ngati mwana, nalumpha chulu, nakumbatila mbuzi ya eni ake.

Anamangadi kuseli kwa nkhokwe. Ana anabadwa, olankhula Chinsenga chokhachokha, osadziwa n'komwe kukhala m'bwato. Ndiye m'zaka za chipani chimodzi, boma linawakumbukila. Linati asamuke akakhale mkulu wa sukulu, ndipo sukuluyo inali kwawo kwenikweni, m'mbali mwa Zambezi. Tsiku limenelo a Mukela sanaseke. Anakhala pakhonde nthawi yaitali akuyang'ana munda wa thonje umene ankaulima mokhotakhota, anthu n'kumawaseka.

Ennie anakhala pambali pawo. "Atate ake a ana, simukuulila mtsinje wanu?"

"Ndikuulila, mkazi wanga. Ndikuulila kwambili," anayankha, misozi ili mbwembwembwe. Kenako anapukuta kumaso ndi chikhatho. "Koma pita ukawauze amai kuti mkamwini wawo sapita. Undibwelekeleko ndi khasu lawo lija, langa laguluka."