Mbalame Imene Sindinaione

Anthu a ku Mitundu ankati mutu wanga sukoka bwino, ndipo masiku ena ndinkavomerezana nawo. Inali nthawi ija titangovotera zipani zambiri. Aliyense wokhala ndi gitala ankaimba za ndale, za Yesu, kapena rege. Ine ndinkaimba za mbalame. Sindikunena mbalame yoimira mkazi kapena chipani, ayi, ndikunena mbalame yeniyeni ya nthenga, imene imakunyerera pamalaya ukakhala pansi pa mtengo.

Bambo anga anali tenanti pa esiteti ina ya fodya. Kwathu kwenikweni ndi ku Phalombe, koma ine ndinakulira m'zigafa, zala zili zakuda ndi phula la fodya. Gitala yanga inali ya chigubu cha oilo ndi thabwa, nsambo zake mawaya a mabuleki a njinga. Mkati mwa chigubumo ndinamatamo kamaikolofoni ka m'wailesi yakufa, n'kulumikiza ku sipika yong'ambika ndi batire ya galimoto. Ikalira inkatokosa m'makutu ngati sowo yocheka matabwa, ndipo ine ndinkakonda zomwezo. Kulira kumeneku ndinakumva koyamba pa kaseti ina yopanda chikuto imene malume anabwera nayo kuchokera ku migodi ya ku Zambia. Mawu a oimbawo sindinkawamva, koma magitala awo ankalira ngati akwiya ndi winawake, ndipo ndinailiza kasetiyo mpaka inatafunika.

Mawayawo ankandipatsa ndi amisiri ena okonza njinga pamsika, bambo achikulire a m'mudzi woyandikana ndi esiteti yathu, okonda nthabwala. Akandiona ndikubwera ankati, “Afika achimwene a mbalame! Lero mwatiphera zingati?” Ndinkayankha kuti ine sindipha, ndimangomvetsera. Iwo ankaseka mpaka kugwetsa sipanala.

Vuto linali loti kumene tinkakhala kunalibe mbalame zoti n'kumvetsera. Mitengo yonse inathera ku zigafa ndi mikangala yoyanikira fodya. Mitengo yokha yotsala inali ya msitu wa kumanda a mudzi uja, kumapeto kwa munda wathu. Mumsitu momwemo ndi mmene munali dambwe, malo okumanira amuna a gule wamkulu, ndipo munthu wosalowa gule sayenera kupondamo pokhapokha pa maliro. Bambo, amene anali mkulu wa mpingo, anandiuza kamodzi kokha: “Kumeneko si kwathu. Ife ndife obwera.”

Ndiye sindinalowemo. Ndinkakhala pa chulu cha m'munda mwathu m'mawa, mame asanaume, khutu lili kumsitu. Pumbwa ndinkamudziwa, wolongolola uja. Njiwa, nkuta, timba, ndi mnthengu wakuba nyimbo za anzake, onsewo ndinkawatchula ndili chitsinzinire. Koma panali kulira kwina kumene sindinkakudziwa. Kunkayambira pamwamba, n'kumatsika pang'onopang'ono, kenako n'kuima pakati osamaliza, ngati munthu amene wafuna kunena kanthu n'kusintha maganizo. Kunkamveka mwa apo ndi apo. Mwini wake sindinamuone ngakhale nthenga.

Tsiku lina ndinabwereka wailesi ya kaseti n'kukakujambula. Kunalowa bwinobwino, koma chakumapeto bambo anakuwa ali kuchigafa: “Iwe! Fodyayu adzisoka yekha?” Ndinapsa mtima kwambiri. Munthu wadikira mpaka matako kuchita dzanzi, wina n'kudzathira mawu a fodya pamwamba pake! Koma ndinaphunzira kuimitsa kasetiyo asanafike pokuwapo.

Pa kulira kumeneko ndi pamene ndinamangapo nyimbo. Mbalame inkayamba pa kaseti, gitala n'kuiyankha, n'kumalizitsa pamene iyo inasiyira. Nyimbo zanga zina zonse zinali zobera, pang'ono kwa a ku Zambia aja, pang'ono kukwaya. Iyi yokha ndinkaimva kuti ndi yanga, ndipo ndinkadziuza kuti ndikadzapita ku Lilongwe kukajambulitsa, ndidzapita ndi imeneyi. Ngakhale bambo, amene ankati gitala ndi khasu la alesi, ndinawapeza tsiku lina akuiimba mwa mluzu uku akusoka fodya. Atandiona anakhosomola n'kuyamba nyimbo ya m'buku.

Kenako amisiri aja anandiitana kuti ndikaimbe pa ukwati wa mwana wa mlongo wawo ku Nathenje. Ndinamangirira batire ndi sipika pa njinga n'kuyenda njira ya fumbi, malo ena kukwera, malo ena kukankha. Pa perekaniperekani ndinaimba zovinika, ndipo amayi anafumbitsa bwalo. Nditaona kuti anthu andikonda, ndinati nthawi yake ndi ino. Ndinaika kaseti ija m'wailesi yobwereka, pafupi ndi maikolofoni, n'kudina.

Mbalame inalira. Gitala inayankha. Ndinali nditatsinzina, monga ndinkachitira, ndiye sindinaone mmene zinayambira. Potsegula maso ndinapeza amayi ena akukokera ana kuseri kwa nyumba. Atsikana amene ankavina kutsogolo anali atamwazika. Amuna anangoti zyoli, ena akuyang'anana m'mbali. Ndinaganiza kuti mwina kwadutsa njoka. Ndinapitiriza, ndikuyang'ana pansi kufunafuna njokayo, mpaka sipika inangoti zii. Amisiri anali atazula waya ku batire.

Ananditengera kuseri kwa nkhokwe. Nkhope yawo inalibe nthabwala.

“Zimenezi mwazitenga kuti?”

“Ndi mbalame,” ndinatero. “Ya kumsitu kwanu kuja. Koma sindinalowemo, ndinali pachulu.”

“Mbalame yake iti?”

“Sindinaione.”

“Eya,” anatero, ngati ndayankha bwino.

Ndinafunsa: “Ndiye kuti si mbalame?”

“Ine ndanena kuti si mbalame?”

“Ndiye ndi mbalame?”

“Achimwene, mafunso ngati apolisi bwanji? Zakumsitu zimathera kumsitu. Mundipatse kasetiyo, ndipo nyimbo imeneyi isadzamvekenso, kaya pa gitala, kaya pakamwa.”

Apa ndiye mkwiyo unandikwera. Ndinati si paja tinauzidwa kuti tsopano kuli ufulu, munthu atha kuimba chilichonse? Anthu akutukwana atsogoleri pa wailesi, ine ndilakwe chifukwa cha mbalame? Iwo anandiyang'ana mwachifundo n'kunena kuti, “Ufulu umenewo munakavotera kusukulu. Kumsitu kuja sikunafike bokosi.” Anatambasula dzanja. Ndinayang'ana amuna amene anali ataima chapatali manja ali kumbuyo, ndinakumbukira kuti bambo amalima pa nthaka ya eni, ndipo ndinapereka. Pambuyo pake anandipatsa mpunga ndi nyama ya mbuzi mbale yodzaza, n'kundipempha kuti ndibwezere waya ndiimbenso zovinika zija. Ndinaimba, koma mpaka lero sindidziwa kuti ndinaimba chiyani.

Kunyumba bambo sanakalipe. Anamvetsera nkhani yonse singano ili m'manja, n'kungoti, “Ndinakuuza.” Patapita kanthawi anawonjezera, osandiyang'ana: “Koma inali yabwino.”

Miyezi yotsatira ndinali ngati nkhuku yonyowa. Ndinkafuna munthu mmodzi yekha woti andiuze chimene ndinalakwa, koma aliyense ankandipatsa theka. Mnzanga wina wa m'mudzimo, wolowa gule, anaseka n'kusintha nkhani. Mayi wina wogulitsa mandasi anati iye ataimva pa ukwati paja miyendo inangothawa yokha, samadziwa chifukwa chake. Mphunzitsi wina anandibwereka buku la zithunzi za mbalame, koma zithunzi sizilira. Ndinafika poganiza kuti mwina ndi mnthengu anaba mluzu wa anthu a kudambwe. Mwinanso anthuwo ndi amene anatengera kwa mbalame kalekale. Nanga ngati ndi choncho, wakuba ndani, ine kapena iwo? Ndikafika pamenepo mutu unkawawa, ndinkangopita kukathyola fodya.

Ndinayesa kupeka zina. Ndinapeka ya pumbwa, ya atchete omanga zisa, ina ya kakowa wotsata ng'ombe. Koma zala zili ndi nzeru zake. Ndikangoiwala pang'ono zinkatsetserekera ku nyimbo ija, ndipo ndinkagwira nsambo msangamsanga n'kusuzumira panja ngati mbala. Pachulu ndinasiya kupitapo. Za ku Lilongwe ndinasiyanso kuzikamba, chifukwa ndikanapita ndi chiyani?

Dzinja lotsatira bambo anadwala chifuwa. Tinapita nawo kuchipatala, anabwerako, anadwalanso, ndipo anatisiya fodya ali m'munda. Mvula inali itawononga misewu, ndipo Phalombe ndi kutali. Eni mudzi anatuma uthenga kuti munthu amene wakhala nafe zaka zonsezi sangasowe pogona. Motero ndinalowa mumsitu muja koyamba, ndili kumbuyo kwa bokosi la bambo anga.

Munali mozizira. Mitengo yake inali ikuluikulu kuposa mmene inkaonekera pachulu. Amisiri anali m'gulu la adzukulu okumba manda, matope mpaka m'mawondo. Abusa atamaliza pemphero, kwaya isanayambe, panakhala kachete pang'ono, ndipo pomwepo kulira kuja kunamveka, pamwamba penipeni pa mitu yathu. Kunatsika, n'kuima pakati osamaliza.

Mundikhululukire, koma ndinaiwala kulira maliro. Ndinayang'ana pakamwa pa amuna onse mmodzimmodzi. Milomo yonse inali yotseka. Ndinayang'ana kumwamba, ndinangoona masamba akudontha madzi. Palibe mayi amene anathawa, palibe mwamuna amene anazyolika. Ndiye bwanji ku Nathenje kuja? Ndisanapeze yankho wina anandigwira pamkono kuti ndiponye dothi.

Tsiku lometa, anthu atayamba kubalalika, amisiri anandiitanira pambali. Anatulutsa kaseti ija m'thumba la jekete, itakulungidwa m'pepala la shuga.

“Tsopano muli ndi munthu wanu m'menemo,” anatero. “Si inunso obwera. Muziimba.”

“Ndiye inali mbalame?”

“Munaiona?”

“Ayi.”

“Inenso sindinaione,” anatero, n'kukwera njinga yawo.

Ndinabwerekanso wailesi ija. Ndinakhala m'chigafa, gitala pamwendo, batire nditalumikiza, n'kudina. Mbalame inalira monga kale. Zala zinali zokonzeka pa nsambo, nyimbo yanga yabwerera, palibenso wondiletsa. Koma ndinachedwa kuimitsa kasetiyo, ndipo inapitirira pamene ndinkaimitsira nthawi zonse.

“Iwe! Fodyayu adzisoka yekha?”

Ndinaika gitala pansi. Ndinatulutsa kasetiyo, n'kuibweza pang'ono ndi bolopeni kuti mabatire asathe, n'kuikanso. Sindinabweze mpaka pa mbalame, ndinangobweza pofikira mawuwo. Ndinatero mpaka dzuwa linapendeka, fodya ali mulu pambali panga, wosasoka.