Udzu wa Kuseri kwa Ballymun

Chaka chimene ntchito zomanga zinaima ku Dublin, ine ndinapezeka ndili ndi nthawi yambiri kuposa imene ndinakhalapo nayo chibadwire. Pa saiti imene ndinkakonzapo makina okumbira anatiitana Lachisanu lina masana n'kutiuza kuti Lolemba tisabwere. Mkazi wanga ankagwirabe ntchito yosamalira okalamba ku Coolock, ndiye iye akakwera basi m'mawa, ine ndinkatsuka mbale, kenako n'kutuluka kumangoyenda, osadziwa kumene ndikupita.

Kuseri kwa Ballymun, dera limene tinkakhala, mukawoloka msewu waukulu, kunali minda imene anthu a ndalama anagula kuti amangemo nyumba. Anayala misewu, anaimika mapolo a magetsi, anathira maziko awiri atatu, ndalama n'kutha. Udzu unamera mpaka m'chiuno. Mphepo ikamawomba unkagona n'kudzuka, kugona n'kudzuka, ngati chinthu chamoyo chikupuma. Ndinkatsamira mpanda n'kumauyang'ana mpaka kuiwala kuti ndili dziko liti.

Tsiku lina pa mpanda womwewo ndinapezapo neba wanga. Anali mbadwa ya komweko, bambo wadazi, woweta mahatchi atatu monga amachitira anthu angapo m'dera limenelo. Anandiuza kuti udzu wodyetsa mahatchi wakwera mtengo, chonsecho wina ukungowola apa. Mlonda wa malowo anali atamuuza kale kuti eni ake angakondwe utachoka, poopa moto. Thalakitala yakale anali nayo, chotchetchera anali nacho. Chimene analibe ndi makina omanga udzu m'mabelo, aang'ono a makona anayi aja amene munthu mmodzi amanyamula ndi manja. Mabelo akuluakulu obulungira sangalowe kuseri kwa nyumba ya m'tauni.

Ndinamuuza kuti kwathu ndinagwirapo ntchito pa famu ya ng'ombe za mkaka ku Thyolo, ndipo makina oterowo ndinawamasulapo kangapo. Anandiyang'ana kwa kanthawi, kenako anati ndipeze amodzi, tigwire limodzi.

Mkazi wanga atamva anaika kapu ya tiyi pansi.

"Inu abambo, ulendo wonse uja tinabwerera kudzamweta udzu?"

Iye anamwa tiyi wake mpaka kumaliza.

"Chabwino, kaguleni," anatero. "Bola muzibwera kunyumba mutatopa. Kukhala duu kwanuku kukundiopsa."

Makina oyamba ndinakawaona kupitirira Tallaght. Ananditenga pa vani ndi mnzanga wa kutchalitchi, wa ku Chipata, amene ankanyamulira anthu katundu akamasamuka, ndipo chaka chimenecho osamuka anali ambiri. Makinawo anali ofiira psu, akuwala pakati pa yadi.

"Mudala, iyi ni nyowani!" anatero mnzangayo. "Manje mufuna chani?"

Ine ndinali nditagwada kale. Penti inali itakwirira timabowo tothirira girizi, kutanthauza kuti chiwapentere palibe anawathirapo. Ndinagwira chitsulo chachikulu chimene chimakankha udzu kuti upanikizike, n'kuchigwedeza. Chinasewera uku ndi uku chikulira gubudu gubudu. Nditagogoda kunsi ndi sipanala, dzimbiri linayoyoka ngati makoko a mtedza. Ndinapempha kuti tiwayendetse. Wogulitsayo anati thalakitala yatuluka lero. Ndinafunsa za mawa. Anati mawanso ituluka. Tinathokoza n'kunyamuka.

Achiwiri ndinawapeza pa kapepala kolemba pamanja, komata pa windo la shopu yogulitsa zakudya za ziweto. Kunali kumpoto, kupitirira bwalo la ndege, kumene misewu imapanikizika pakati pa mipanda ya zitsamba. Anatilandira mayi wachikulire, wamfupi, atavala jombo za mphira ndi jekete ya mwamuna. Makinawo anali a malemu amuna awo. Mayiwo anali atagulitsa ng'ombe zonse, ndipo munda anali ataubwereka mlimi wina.

Atatsegula shedi, mnzanga uja anandiyang'ana n'kupukusa mutu. Penti inali itachoka, moti sindikanatha kunena mtundu umene makinawo anali nawo akadali atsopano. Nkhuku inali itaikira mazira pamwamba pake. Koma paliponse pamene chitsulo chimakhudzana ndi chinzake panali girizi wakuda, wokhuthala, wa zaka ndi zaka. Pamalo omangira mfundo panali patakutidwa thumba, lomangidwa bwinobwino ndi chingwe.

"Ndimavundikira ine chaka chilichonse ntchito ikatha," anatero mayiwo. "Chaka chatha ndinavundukula, kupukuta, n'kuvundikiranso, ngakhale sanatuluke."

Ndinayamba kutsogolo. Pa mano otolera udzu pansi, awiri anali atathothoka. Matcheni anali olimba. Chokankha udzu chija sichinagwedere ngakhale pang'ono. Kenako ndinagwira gudumu lolemera la kutsogolo n'kuyamba kulizunguza ndi manja pang'onopang'ono. M'shedimo munali chete, dzuwa likulowera m'mabowo a malata, fumbi likuyandama. Masingano awiri aakulu opindika anatuluka kunsi atanyamula zingwe, anakwera mofatsa, n'kuzipereka ku timilomo tachitsulo tonga ta mbalame. Timilomoto tinatembenuka, tinayasama, tinatseka, kampeni kanadula, ndipo mfundo ziwiri zinatsala zili lende. Zimenezi makina akamathamanga diso silizigwira. Ndinazunguzanso. Ndinazunguzanso kachitatu popanda chifukwa, kungoti ndinkafuna kuona.

Ndinafunsa kuti amamanga mabelo angati pa ola. Mayiwo anati amuna awo sankawerenga chomwecho. Ananditengera panja n'kuloza munda wa kuseri kwa nyumba. Anati ankayamba mame akauma, n'kumaliza nthawi yokama ng'ombe madzulo isanakwane. Ndinapempha kuti ndiuyende. Ndinauyenda m'litali, ndinauyenda m'lifupi, ndikuwerenga mapazi, ndege zikutsika pamwamba panga imodzi pambuyo pa inzake, zazikulu, zochedwa, ngati zikukaika zotera. Ndinapeza kuti malo a ku Ballymun aja angatitengere masiku awiri. Kudziko kumene mvula siichedwa, masiku awiri anali otheka.

"Musawathamangitse," anatero nditabwerako. "Ayendetseni monga munthu akuyenda wapansi. Mukawadyetsa udzu wambiri nthawi imodzi, kabawuti aka kamathyoka. Anakaika dala kuti kazithyoka iko, zina zipulumuke." Anandipatsa chitini cha mabisiketi chodzaza timabawuti toterowo. "Komanso mfundo ya kumanzere imaphonya m'mawa, mpaka makina atatenthedwa. Ndikukuuziranitu kuti musadzanditukwane."

Thalakitala yawo mayiwo anailiza okha. Tinamasula mabelo akale a mapesi a barele, ine ndi mnzanga n'kumawaponyera m'makinamo ndi foloko. Phokoso lake linali gu, gu, gu, losasintha, ndipo mayiwo anaima chapatali atatseka maso, akumvetsera. Belo loyamba linatuluka chingwe cha kumanzere chili chomasuka, monga ananenera. Ena onse anatuluka owongoka, makona ake akuthwa. Ndinanyamula limodzi pa zingwe, ndinaliponda ndi bondo, ndinaliponya pansi. Silinaphwasuke.

Za mtengo sitinalimbane. Mawa lake neba wanga anapita ndi thalakitala kukawakoka, ine nditakhala pambali pake. Tikutuluka pa geti, mayiwo anali atatifulatira, akuwaza chakudya cha nkhuku. Sanacheuke.

Ndiye mvula inayamba. Inagwa masabata awiri, yowaza, yosaleka, ine ndikumangoima pa windo. Itakata, neba anatchetcha, tinatembenuza udzu, ndipo tsiku lachinayi unali utauma, ukuthetheka m'manja. Ndinali nditayenda kale malo onse ndikuzika timitengo paliponse pamene pabisala chitsulo kapena chivundikiro cha ngalande. Komabe kabawuti kanathyoka kawiri, koyamba pa chidutswa cha paipi, kachiwiri pa chisoti cha womanga chimene chinatsala mu udzu. Tinkazungulira mapolo a magetsi amene sanayakepo, mabelo akugwa m'mbuyo mwathu m'mphepete mwa misewu yopanda nyumba.

Anthu a mahatchi anabwera okha, osaitanidwa. Ena anabwera pa ngolo, ena pa mavani, mayi wina anatenga belo lake pa pulemu, kangolo koyendetsera mwana. Tinachita zimenezi zilimwe ziwiri. Kenako ine ndinapeza ntchito pa galaja, ndipo makinawo anatsala kwa neba.

Tsiku lachiwiri lomanga mabelo, chilimwe choyamba chija, mkazi wanga anatsika basi msanga n'kubwera kumundako ali mu yunifolomu. Anavula jekete n'kuyamba kuunjika mabelo mpaka tinamaliza. Kwa masabata angapo udzu tinkaupeza paliponse, pa bedi, m'bafa, m'matumba a zovala.

Kuntchito kwake kunali bambo wina wokalamba kwambiri, amene anakulira pa famu kumadzulo kwa dzikolo, ndipo anali atasiya kulankhula ndi anthu. Mkazi wanga akumuveka juzi m'mawa wina, bamboyo anatola kaudzu pa dzanja la yunifolomu yake. Anakanunkhiza, anakatafuna pang'ono, anakayang'ana nthawi yaitali.

"Anati chiyani?" ndinafunsa, iye akundifotokozera tikudya.

"Akuti ndikuuzeni kuti munachedwa kutchetcha ndi sabata imodzi."