Zaka Zowonjezera za a Namapeji

Mu saluni mwathu mulibe wailesi. Inalipo, koma inapsa tsiku lina magetsi atabwera mwamphamvu, ndipo abwana sanaone chifukwa chogulira ina pamene apongozi awo ali ndi pakamwa. Ine ndimaluka tsitsi mmenemo. Apongoziwo tonse timawatchula a Namapeji, chifukwa iwo ndi buku salekana.

Mpando wawo uli pakona, pakati pa sinki yotsukira mitu ndi shelefu ya mankhwala a tsitsi, pamene fungo la mankhwalawo limaluma m'maso. Amakhala pamenepo magalasi ali pamphuno, buku m'manja, mdzukulu wamng'ono ali kumsana kapena akukwawa pamapazi awo. Mabuku ake ndi achikondi, achizungu, aja amayala pansi m'mbali mwa msewu, zikuto zothothoka, mapepala ofiira ngati mano a wosuta fodya. Amawerenga ndime imodzi chamumtima, kenaka n'kutifotokozera m'chilankhulo chathu. Mnyamata akamalankhula amakulitsa mawu, mtsikana akamanyada nawonso amapotoza khosi. Munthu wolukitsa tsitsi laling'onoling'ono amakhala pampando mpaka matako kuchita dzanzi, koma kwathu kuno sadandaula. Ena amabwera tsitsi lisanafike n'pomasula pomwe, kungofuna kumva ngati mtsikana uja analola.

Amuna awo atamwalira, mwana wawo wamwamuna anawatenga kuti azikhala naye. Mwanayo amayendetsa malole, ndiye pakhomo amaonekera mwa apo ndi apo ngati mlendo. Mkazi wake ndiye abwana athu. A Namapeji anawapatsa chipinda chakumbuyo chimene kale chinali chosungiramo katundu, ndipo mpaka lero muli njinga yopanda mateyala ndi masutikesi a eni nyumba. Amagona mmenemo ndi zidzukulu ziwiri. M'mawa amazisambitsa, kuperekeza wamkulu kusukulu, kubereka wamng'ono, ulendo wa ku saluni. Madzulo kuphika, kuchapa, kugoneka ana. Palibe amene amawazunza, ndisaname. Amadya bwino, akadwala amawatengera kuchipatala, ndipo makasitomala amawauza kuti ali ndi mwayi wa mpongozi wabwino. Koma chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Mayi ameneyu sangapite ngakhale kumaliro a mnzake asanafunse kaye kuti ana atsala ndi ndani.

Chizungu changa n'choperewera, koma manambala ndimawadziwa. Tsiku lina ndikusesa ndinatola buku limene anasiya pampando, ndipo maso anga anagwera pa zaka za mtsikana wa m'nkhaniyo. Panalembedwa 16. Ife anatiuza kuti ali ndi zaka makumi awiri ndi zinayi. Nditawafunsa sanachite manyazi ngakhale pang'ono. Anati poyamba ankanena monga zalembedwera, mpaka tsiku lina anawerenga za kamtsikana ka sukulu kokondana ndi bambo wolemera wa zaka makumi anayi. Azimayi anayamba kusunthasuntha pamipando, ndipo mayi wina amene anali ndi mwana wa msinkhu womwewo anawapempha kuti asiye. Kuyambira pamenepo amakonza zaka monga telala akonzera diresi la pakaunjika: mtsikana kumuwonjezera, bambo kumudula, mpaka akumane pakati.

"Ineyo anandikwatitsa ndili ndi sikisitini, bambo a mwana wangayu ali ndi fote," anatero. "Zimene zimachitika akatseka chitseko ndimazidziwa, ndipo si zimene analemba umu."

Anatenga bukulo n'kuliika m'chikwama, nkhani n'kuthera pomwepo. Sukulu anaisiya nthawi ya ukwatiyo, ali mwana wokhoza chizungu kuposa anzake onse m'kalasi.

Choncho chikondi cha mu saluni mwathu chinali ndi khomo lopapatiza. Ukachepa msinkhu sulowa, ndipo pamenepo ndimagwirizana nazo. Za mbali inayo, ya okulitsa, sitinaziganizirepo, chifukwa olemba mabukuwo anthu a imvi amangowapatsa ntchito yotsokomola, kuletsa ukwati ndi kusiya chuma chamasiye.

Pakhonde la nyumba yomweyi pankakhala bambo wokonza mawotchi, amene tinkawatchula a Koloko. Anali wamasiye nawonso, mutu woyera mbee, kagalasi kokulitsa zinthu kali padiso limodzi, tebulo lawo lili ndi kabokosi kagalasi kodzaza malamba ndi timabatire. Ntchito inali itawathera, poti masiku ano nthawi anthu amaonera pafoni, ndiye tsiku lonse ankangokhala n'kumamvetsera nkhani kudzera pawindo lathu. Tebulolo linkayenda lokha. Mwezi uliwonse tinkalipeza lasendera pang'ono, mpaka linadzagunda khoma la pansi pa windo. Bamboyo anawamangira a Namapeji mwendo wa magalasi ndi kawaya, mayiwo n'kuyamba kuwatulutsira tiyi masana. Moni wawo unkatalika mpaka tiyi kuzizira. Ife tinkangoseka kuti akuluakulu akukambirana za nyamakazi.

Tsiku lina tikuchapa matawulo kuseri, a Namapeji anandiuza. A Koloko anali atatsimikiza zotseka tebulo n'kubwerera kunyumba yawo, m'tauni ina yakutali ndithu, kanyumba ka zipinda ziwiri kamene kankangokhala kotseka. Anawapempha kuti apite limodzi, osati mozemba ayi, koma monga mkazi wawo, ndipo anali okonzeka kukaonana ndi mwana wawo uja akangobwera ku ulendo. Ndinawafunsa kuti nanga iwo akuti bwanji. Anafinya tawulo limodzi kwa nthawi yaitali, madzi atatha kalekale.

"Ndikufuna, mwanawe. Chibadwire palibe anandifunsapo chimene ndikufuna, ndiye mawuwa akundilemera pakamwa. Koma ndikufuna."

Ndinawauza kuti wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, angonena basi. Anandiyang'ana ngati ndine mwana, ndipo n'zoona ndinali kulankhula zachibwana. Mwana wawo sapanga kanthu asanamve kwa mkazi wake, ndipo munthu wamkulu sangakhale pansi ndi mpongozi wake n'kumuuza kuti ndapeza mwamuna. Pakamwa sipangatseguke. Njira imene anali nayo inali imodzi yokha, ya buku.

Loweruka saluni inadzaza, mpaka ena kukhala pabenchi ya pakhomo. A Namapeji anatulutsa buku latsopano. Pachikuto panali kamtsikana kowonda ndi mnyamata wa pachifuwa potambalala, koma iwo anapinda chikutocho kumbuyo. Anayamba bwinobwino: panali mayi wina wamasiye wokhala kwa mwana wake, ndi bambo wina wosoka maambulera amene tsiku la mvula anamubwereka ambulera n'kukana kuilandiranso. Azimayi anatchera khutu. Wina anafunsa, monga amafunsira nthawi zonse, kuti awiriwo ali ndi zaka zingati. Anayankha kuti mayiyo watsala pang'ono kukwana sikisite, bamboyo wapitirirako.

Kenaka mayi wina wogulitsa nsalu, amene ndinali kumuluka, anaphulika kuseka mpaka tsitsi kundipulumuka m'manja. Anafunsa ngati mano alipo oti n'kumwetulirana nawo. Wina anati pogwirana manja ndodo aziikoleka pati. Mphunzitsi wina, mayi waulemu wake, sanaseke. Ananena mofatsa kuti iyeyo nkhani yotere imamuchititsa manyazi, imakhala ngati wasuzumira kuchipinda kwa makolo ake. Mtsikana wina amene anali m'makina owumitsa tsitsi anati kwa iye zikumveka zokoma, koma makinawo amalira kwambiri, ndipo palibe amene anamumva kupatula ine.

Zonsezo a Namapeji sanazisamale. Maso awo anali pa munthu mmodzi.

Abwana anali akudula tsitsi la kasitomala, atatipatsa msana. Sanaseke. Ndinawaona pagalasi akuyang'ana apongozi awo, kenaka akuyang'ana pawindo, pamene mutu woyera uja unkaonekera. Abwana athu si opusa. Sizasi inaima m'manja mwawo, ndipo ndinadziwa kuti amva zonse, mpaka pansi pake. Atatsegula pakamwa analankhula mokweza, momwetulira, ngati akungothirira ndemanga pa nkhani ya m'buku.

"Koma mayi ameneyo alibe chisoni. Mwana wake aziyenda bwanji mumsewu, anthu akumuloza kuti amake akwatiwa? Nanga zidzukulu akuzisiyira ndani?"

Anaika sizasi pansi, n'kukatola mwana amene ankasewera ndi zipeso pamkeka, n'kumukhazika pamiyendo ya apongozi awo, pamwamba pa buku. Anati agogo amutenge, akulira. Mwanayo sankalira.

Kunja tinamva miyendo ya tebulo ikukhulika pasimenti, likuchoka pawindo. Ine mtima unandipsa moti mayi wa nsalu uja ndinamukoka tsitsi mpaka anafunsa ngati tinayambana. Chimene chinandiwawa kwambiri si kuseka kuja. Oseka ankaseka anthu a m'buku. Abwana ankadziwa amene akumuyankha, ndipo anasankha kuyankha pagulu, pamene munthu wamkulu sangabweze mawu.

Mwana wa a Namapeji anabwera ku ulendo mkati mwa sabata yotsatira, anagona masiku angapo, n'kubwerera. Sanauzidwe kanthu. A Namapeji anatumiza mawu kwa a Koloko kudzera mwa ine kuti asavutike kukaonana naye. Bamboyo anangogwedeza mutu n'kupitiriza kukulunga timasikuludilaiva tawo m'nsalu. Tsiku lonyamuka anaima pakhomo la saluni chipewa chili m'manja, natsanzika tonse pamodzi, mwaulemu, osatchula dzina la munthu. A Namapeji anali akupukuta mwana mamina, ndipo anapukuta mpaka bamboyo atapita.

Ndinawafunsa kuseri chifukwa chake sanalimbe mtima. Anati zidzukuluzo n'zawo, mwanayo ndi wawo, ndipo mpongoziyo sananame: akachoka iwo, saluni ndi ana sizingayendere limodzi. Anati akanakonda mpongoziyo akanawakaniza mwachipongwe, bwenzi atapsa mtima n'kunyamuka, koma munthu akakumanga ndi zoona umadzimasula bwanji.

Loweruka linalo mayi wa nsalu anabweranso kudzakonzetsa m'mbali, akuti ndinamumanga kwambiri. Asanakhale n'komwe anafunsa za agogo aja a ambulera, kuti kodi anafika potani. Ena anayamba kale kusekerera. Abwana anatsegula madzi pasinki, koma khutu linali kuno.

A Namapeji anavala magalasi, natsegula buku, nayang'ana tsambalo ngati akuliona koyamba.

"Pepani, ndinaona molakwika tsiku lija, maso awa atha. Mtsikanayu ali ndi twente faifi. Mnyamatayu twente eyiti."

Mu saluni monse mitima inakhala pansi. Mphunzitsi uja anati tsopano zamveka, mayi wa nsalu anakhazikika bwino pampando, abwana anatseka madzi. A Namapeji anawerenga tsiku lonselo osapumira tiyi. Mnyamata anafunsira, mtsikana ananyada pang'ono kenaka analola, abale anakondwera, ndipo pofika madzulo awiriwo anali atalowa m'nyumba yawo n'kutseka chitseko. Mawu awo sananjenjemere paliponse. Azimayi anawomba m'manja n'kunena kuti chikondi ndiye chimenechi, ndipo mmodzi anawafunsa ngati mabuku amenewa samawakumbutsa nthawi yawo. Anayankha kuti iwo nthawi yawo sinafike. Onse anaseka, poganiza kuti agogo akuchita nthabwala.