Sailensa imene ndinabwera nayo kuchokera ku Joni

Chimene chinandichotsa ku Liwaladzi ndi lamba wa chigayo cha amalume anga a Bwanali. Ena amati ndinatengeka ndi matipate, poti chaka chimenecho anyamata ankangokwera mabasi a ku Joni ngati akupita kumsika, koma si zoona. Lamba uja anali wosokedwa ndi waya malo angapo. Tsiku lina ndikuthira makaka a chinangwa m'chigayo anaduka n'kundikwapula pakamwa, dzino langa lakutsogolo n'kugwera mu ufa wa mayi Mwanaidi. Mayiwo anatola dzinolo, n'kundipatsa, n'kufunsa ngati tiwachotsereko mtengo. Amalume anafika, n'kuyamba ayang'ana lambayo, kenako ine.

"Bola wadukira posoka kale, mphwanga," anatero. "Tenga waya."

Tsiku lomwelo ndinauza mkazi wanga Asiyatu kuti ndikupita, ndikulankhula mpweya ukutulukira pagweru.

Chigayo chimenechi muchidziwe kaye. Injini yake inali yadizilo, yakale kuposa ine, ndipo sailensa yake, chitsulo chochepetsa phokoso, inathothoka ndisanabadwe. Ikalira inkamveka mpaka kumadambo a mpunga ndi kumidzi ya kutsidya kwa msewu. Nyumba yathu inali pafupi nacho, moti ine ndi Asiyatu tinazolowera kucheza mokuwa. Amalume anali ndi lamulo limodzi lokha la umakaniko: chinthu chikuyenda usachigwire.

Ku Joni ntchito ndinaipezera kumzikiti. Bambo wina amene tinkaswali naye anandilozera kufakitale yopanga mankhwala, mapilitsi a mutu ndi mankhwala a chifuwa a ana. Ndinayamba ndi kusesa, mpaka a Naidu, mkulu wa amakaniko, ataona mmene ndinkagwirira sipanala anandiika m'gulu lawo. Kuti ulowe m'chipinda cha makina unkasamba m'manja kuposa pokaswali, n'kuvala zoyera kuyambira kumutu mpaka kuphazi. Ndevu zanga anaziveka kathumba. Ndinajambulitsa chithunzi n'kutumiza kumudzi, Asiyatu n'kuyankha kuti mwana wathu Hawa analira atachiona.

Chimene chinandizunguza mutu ndi chakuti kumeneko ankakonza makina osawonongeka. Makina oumba mapilitsi akuyenda bwinobwino, a Naidu akuti tiwazimitse, nthawi yake yakwana. Timasule, tichotse lamba wabwino, tiikepo wina. Tikamaliza, tiwerenge masipanala ndi mabawuti onse, titsuke, anthu a kulabu yoyeza mankhwala abwere aone, ndiye makina ayambe. Ndinawafunsa tsiku lina kuti bwanji osadikira kaye chinthu chiduke.

"Sayidi," anatero, "kachitsulo kakabenthuka muno kamakathera m'mimba mwa mwana wa munthu. Babu lamagetsi timadikira lipse. Lamba timasintha tsiku lake likakwana. Bering'i timaimvetsera."

Anandiphunzitsa kugunditsa sikuludiraiva pabering'i, chogwirira chake n'kuika kukhutu. Ukamva kachiphokoso kachilendo ndiye kuti matenda ayamba. Mawu awo a tsiku ndi tsiku anali akuti makina abwino salankhula. Ine amene ndinakulira m'phokoso la amalume ndinawakhulupirira ndi mtima wonse, ndipo pa nkhani ya mapilitsi ndimawakhulupirirabe.

Koma mtima unkandipweteka ndikaona mgolo wa zotayidwa. Malamba opanda chilema, mabering'i onyezimira, zinthu zoti kwathu munthu angazisiyire mwana wake pomwalira. Ndinapempha a Naidu, iwo n'kuseka, n'kundilola kutenga zimene zikanakwana pachigayo. Ndinkazitumiza ndi madalaivala a mabasi limodzi ndi ndalama za Asiyatu. Chaka chachitatu anasintha sailensa ya jenereta, chitsulo chachikulu ngati mwana wa ng'ombe. Imeneyo sindinaipereke kwa dalaivala aliyense. Inkagona pansi pa bedi langa.

Bedi lake linali m'kachipinda ka kuseri kwa nyumba ya munthu, tinkagonamo anthu anayi. Kuzizira kwa ku Joni sikuli ngati kwa kuno, kumalowa m'mafupa. Akuba anandivula nsapato kawiri. Mwezi wina ndinadwala chibayo n'kumapitabe kuntchito poopa kuchotsedwa. Ndinkasungulumwa kwambiri, ndinene mosabisa. Asiyatu sankakonda kulemba, ankajambula mawu pakaseti n'kutumiza. Kaseti yonse inali madandaulo: denga likudontha, Hawa ali ndi zipere, mbuzi ya achimwene ake yadya chinangwa chathu, amalume akana kugula lamba. Ankalankhula mokuwa, ndipo kumbuyo kwa mawu ake chigayo chinkangoti du du du du. Anzanga m'chipindamo ankadandaula, koma ine ndinkaibwereza mpaka mabatire kutha. Poyankha ndinkati ndili bwino, ntchito ili bwino, moni kwa onse. Kaseti yanga inkatha tiyi asanazizire.

Patapita zaka zinayi kunabwera uthenga woti amalume miyendo yatupa, sangathenso kuimirira pachigayo. Anati ndibwere ndichitenge, apo ayi achigulitsa kwa a Mkandawire, bambo amene anapuma ntchito kumunda wa nzimbe n'kutsegula chigayo chawo kutsidya kwa msewu. Ndinatsanzika a Naidu, n'kukulunga sailensa m'bulangete. Pachipata cha ku Mwanza wapolisi anaigogoda ndi ndodo n'kundifunsa ngati ndi mzinga wotsala kunkhondo ya ku Mozambiki. M'minibasi ya ku Nkhotakota ndinailipirira mpando wake.

Nditafika kwa amalume, ndisanamalize ndi malonje omwe, ndinaona malamba anga onse atapachikidwa pakhoma la pabalaza, pafupi ndi kalendala. Mabering'i anali m'kabati pamodzi ndi makapu a alendo. Palibe n'chimodzi chomwe chimene chinalowa m'chigayo.

"Nanga tiikepo atsopano wakaleyo asanathe?" anafunsa amalume. Lamba anali yemwe uja wa dzino langa.

Ndinawafotokozera nzeru za a Naidu kwa nthawi yaitali. Anamvetsera akusisita bondo, kenako anati, "Chita zako za ku Joni. Koma mwezi uno ukatha anthu atachepa, ndigulitsa. Ndilibe mphamvu zodyetsa chitsulo."

Ndinatseka chigayo masiku angapo, nthawi yake imene anthu amakhala atayanika makaka ambiri. Zimene ndinapeza m'kati mwa injini ija sindingazithe: mphira wa njinga, chidutswa cha patapata, supuni ya malemu azakhali. Ndinatsuka, ndinasintha mabering'i, ndinaika lamba watsopano ndi chotchingira chake kuti asadzamenyenso munthu. Pomaliza ndinawotcheretsa sailensa. Nditailiza injini, inangong'ung'udza pansipansi ngati mphaka wokhuta. Munthu ukanatha kuima pakhomo n'kumva nkhuku ikuitana anapiye. Misozi inalengeza. Ndinati a Naidu akanaona.

Tsiku loyamba kunabwera anthu atatu, onse oyandikana nafe. Tsiku lachiwiri awiri. Ndinkaliza injini m'mawa, dizilo n'kumapsa, ine nditaima pakhomo ndi ovolosi yanga yoyera, ndikuona amayi atasenza malichero ndi matumba akudutsa patali kulunjika kwa a Mkandawire. Ndinaganiza za kaduka. Ndinaganiza za ndale, poti masiku amenewo munthu ankatha kukukana chifukwa cha mtundu wa nsalu imene mkazi wako wavala. Ndinatsitsa mtengo, osathandiza. Sabata yachitatu ndinapeza a Mkandawire akumwa tiyi pakhonde la amalume, akuyeza chigayo ndi maso. Kwa nthawi yoyamba m'banja mwathu tikanatha kulankhulana monong'ona, koma tinalibe chokambirana.

Amene anandimasula ndi mayi Mwanaidi, omwe aja a dzino. Anabwera masana ena opanda thumba, atafunda chitenje kumutu, n'kukhala pansi mwaulemu ngati pamaliro.

"Pepani ndi chigayo, bambo a Hawa," anatero. "Chinatithandiza zaka zambiri."

"Chikugwira ntchito, mayi. Si ichi chikuyendachi?"

Anatchera khutu, n'kulowa m'kati, n'kugwira chitsulo kuti amve kunjenjemera. Anatuluka atakwiya.

"Ndiye mukugaya mobisa? Ife kwathu timadzuka n'kumvetsera. Tikamva kulira timadziwa kuti lero dizilo alipo, a Bwanali adzuka, tisenze. Nanga munthu asenze thumba mtunda wonse uja pongoganizira? Mudzi wonse ukudziwa kuti munabwera n'kuchipha."

Ndinati ndikanalemba chikwangwani. Anandifunsa ngati chikwangwanicho chizimveka kudambo.

Sailensa ndinaidula ndekha ndi sowo, mtima ukuwawa pa mpando umene ndinailipirira. M'mawa mwake ndinapukusa injini, ndipo inabangula mpaka malata kunjenjemera, nkhuku kubalalika. Dzuwa lisanakwere kwenikweni ndinaona mzere wa amayi ukutuluka m'njira ya kumadambo, wina ukuwoloka msewu kuchokera mbali ya a Mkandawire. Amalume anatulutsidwa pakhonde ndi mpando wawo. Anamvetsera kanthawi, n'kunena kuti kaliridwe kasinthako pang'ono koma n'komweko. Za kugulitsa sanazitchulenso. M'kati mwa injini zonse zinatsala za a Naidu, ndipo mpaka lero Lachisanu lililonse ndimatseka m'mawa, ndimvetsere mabering'i ndi kuthira girisi ndisanapite kumzikiti. Anthu anazolowera, poti Lachisanu kukhala chete kuli ndi chifukwa chodziwika.

Masana a tsiku limene injini inayambiranso kubangula, Asiyatu anandibweretsera madzi akumwa pachigayo, mzere uli mpaka pamtengo wa mango. Anaima pafupi n'kukuwira m'khutu langa, monga kale.

"Makaseti anu aja ndinkawamvera kamodzi n'kuwaika m'sutikesi."

"Chifukwa?"

"Ndili bwino, ndili bwino. Munthu zaka zinayi osadwala, osakhumudwa, osasowa mkazi wake? Ndinkati mwina mwakwatira kumeneko. Amayi ankati mwina munafa, ndalamazo akutumiza ndi wina."

Ndinayamba kumuuza. Pachigayo palibe kulankhula kwina koma kukuwa, ndiye ndinakuwa. Ndinakuwa za kuzizira, za nsapato, za chibayo. Ndinakuwa kuti ndinkagona ndi wailesi pachifuwa ndikumvera kaseti yake mpaka mabatire kutha, ndipo nthawi zina ndinkalira ngati mwana. Sindinaone kuti mayi Mwanaidi, pofuna kufunsa za chenji chawo, anali atatsitsa kachitsulo ka moto wa injini, kamene anthu onse a kuno amakadziwa. Injini inatsika mawu, ine ndisanatsike. Zoti ndinkalira anazimva mzere wonse mpaka pamtengo wa mango.

Palibe anaseka poyamba. Kenako mayi wina kumbuyo anati, "Abwerezenso, kuno sitinamve za nsapato."

Asiyatu anapukuta m'maso ndi nsonga ya mpango, n'kutenga kapu m'manja mwanga.

"Zotsalazo mukandiuze kunyumba," anatero. "Koma muzikuwa chomwecho."