Laputopu Yasiliva ya Asisi Tereza

Nkhani iyi sindinauzepo munthu, chifukwa wopusa wake ndine.

Asisi anga a Tereza anasiya kuona ali kusekondale, koma ndiwo amalemba zonse za kwaya ya kutchalitchi kwathu ku Chiparamba. Atandituma kutauni kukawagulira laputopu, anandiuza zinthu ziwiri zokha: "Mabatani akhale otukuka, oti zala zanga ziziwamva. Ndiponso uyatse pulogalamu yowerenga mokweza ija, utsinzine, uyese wekha kulemba."

M'sitolo ina ku Kapata ndinapeza ziwiri. Imodzi inali yakuda, yolemera, ya mabatani otukuka, yokalika pakona. Inayo inali yasiliva, yopyapyala, mabatani ake osalala ngati galasi. Wogulitsa atafunsa ngati ndikufuna kuyesa mawu, ndinayang'ana anthu amene anali m'sitolomo. Ine ndi tayi yanga, kutsinzina n'kumapapasa anthu akuona? Ndinati, "Ayi, ili bwino," n'kunyamula yasiliva ija.

Kunyumba asisi anaiika pamiyendo n'kuyamba kuyendetsa zala pang'onopang'ono. Zalazo zinkangoterereka, ndipo mawu a makinawo ankatchula zilembo zimene iwo sanafune kulemba.

"Unayesa utatsinzina?" anandifunsa.

"Ndinayesa, asisi," ndinanama, maso ali pansi, ngati kuti akanandiona.

Sanakalipe. Anasisita chivundikiro chake n'kunena kuti, "Ndi yokongola eti?"

"Kwambiri!" ndinayankha msangamsanga, mpaka kumwetulira.

Anaitseka bwinobwino n'kundipatsira ndi manja awiri.

"Ndiye wagula yako, mlongo wanga. Yanga ikadali kusitolo."