Kansungwi ka Abambo

Tsiku loika abambo ndinadzuka kusanache, mwendo utachita dzanzi pamkeka. Amayi a kwaya anali atasasa mawu, ndipo kuseri kwa nyumba moto wa nyemba unali utayamba kale kufuka. Mtima wanga sunali m'malo. Ine ndine mwana wa mkazi woyamba, wa ku Nsanama. Pa Balaka pano pali mayi ena ndi ana awo, ndipo chifikireni panalibe wondiuza poti ndikhale. Kunena zoona, ndinkaopa kubwerera kwathu ngati mlendo wongodzapepesa.

Abambo anali mphunzitsi wa masamu, ndipo masamu awowo, eee, ankatitopetsa nawo. Ndili mwana ankajambula mzere wozungulira pamchenga, n'kumautsata ndi kansungwi, kuika mwala pomwe kathera, n'kuyambiranso pamwalapo. Ankati kansungwi kakakhala kosagwirizana ndi mzerewo, mwala sugwera pa unzake ngakhale uzungulire mpaka kukalamba, ndipo mbali iliyonse imalandira miyala molingana ndi kukula kwake. Ankatinso ukadula mzerewo n'kuuwongola ngati chingwe, palibe mbali yotaya gawo lake. Ine ndinkangoyasamula, maganizo ali ku fulaye. Lero ndikanakonda atandibwerezera.

Dzuwa litakwera anthu anasefukira, ena palole kuchokera kwa Kawinga, ena panjinga. Kunabwera ndi madoda a imvi omwe abambo anawaphunzitsa, akutsutsana za amene ankakwapulidwa kwambiri. Kunatentha zedi. Popita kumanda fumbi linatiyeretsa miyendo, ndipo ine ndinkayenda kumbuyo kwenikweni.

Atamaliza kuumba mtumbira, anaitana oika nkhata. Dzina langa silinamveke. Ndinaluma mlomo, n'kuyamba kuganiza za minibasi yobwerera.

Kenako mayi aja, mkazi wachiwiri wa abambo, anamasula chitenje chomwe anafumbata, n'kutulutsa kansungwi komwe kaja, katada ndi manja. Anati malemu analamula kuti ana ndi zidzukulu tizungulize manda ndi miyala, motsata kubadwa. Anandifunafuna ndi maso mpaka kundipeza kuseri kwa anthu.

"Mwala woyamba ndi wanu, mayi. Popanda inu, enawa ayeza kuchokera pati?"

Ndinauika kumutu kwa manda. Azing'ono anga anayeza kuchokera pa wangawo, kenako ana awo, kuzungulira ndi kuzunguliranso. Miyala inakwana mbali zonse, ndipo panalibe unagwera pa unzake. Pamenepo m'pomwe ndinalira zenizeni.

Madzulo anthu atabalalika, pabwalo panangotsala phulusa ndi mabenchi obwereka kutchalitchi. M'nyumba munali zii. Mayi aja anakoleka kansungwi kuseri kwa chitseko, n'kundiyalira mkeka kuchipinda, pafupi ndi wawo.