Denga la Emmie ndi Mafunso a Malume Ake

A Blasius Makawa adabadwa pa 3 Febuluwale 1949 kwa Kawinga, ndipo mlongo wawo, a Clementina, amati chibadwire munthuyu sanayankhepo funso popanda kufunsa linzake. Mu 1971 adalembedwa umesenjala pakhoti la miyambo. Ntchito yawo idali yoitana mayina ndi kukhalitsa anthu chete, koma makutu ankakhala kwa oweruza. Makhotiwo atatsekedwa mu 1994, adabwerera kumudzi ndi njinga yakapalasa komanso funso limodzi: zitheka bwanji kuti chimene dzulo chinali lamulo, lero chisakhale kanthu?

Loya wina wa ku Balaka ndiye adasonkhezera moto. Adawauza kuti funso lawolo lili ndi dzina, julisipuludensi, maphunziro ofufuza kuti lamulo n'chiyani, lidachokera kuti, ndipo tilimverenji. Adatinso Aroma akale ndiwo adatchula dzinalo. Kuyambira pamenepo pamudzi padalibe mtendere. Mbuzi ikalowa m'munda mwa wina, a Blasius ankayamba n'kufunsa kuti malire adawalamula ndani.

A Clementina adapirira zonsezi mpaka mu 2019, pamene ukwati wa mwana wawo Emmie udatha. Mwamuna wake, Raymond, adakhala pachikamwini kuyambira 2011, ndipo pochoka adati asasula malata a nyumba. M'nyumbamo munkagona Emmie ndi ana atatu, mvula ili pafupi. Nkhoswe ya Emmie idali malume ake, a Blasius omwewo. Mwamwambo, nkhani ikakhala m'manja mwa ankhoswe, palibe wokhudza ngakhale msomali.

Adakumana pa 12 Okutobala pansi pa mtengo wa mango, nkhoswe ya Raymond iliponso.

"Achimwene, nkhaniyi ndi yaifupi," adatero a Clementina. "Mkamwini akamachoka amanyamula bulangete lake basi."

"Iyayi amayi," adayankha Raymond, maso ali pansi. "Malatawo ndi thukuta langa. Thonje ndinkalima ndekha."

"Eya!" A Blasius adawomba m'manja mokondwa. "Nonse mwatchula lamulo, koma malamulo ake ndi osiyana. Achemwali atchula la makolo. Bamboyu watchula la thukuta. Boma nalo lidalemba lake mu 2015. Aroma ankati chomangidwa pa nthaka chimatsata nthaka. Tsono tisanakwere padenga, tiyambe tadziwa: mwambo umasanduka liti lamulo?"

"Mitambo mukuiona koma?"

"Mitambo siweruza mlandu, achemwali."

Dzuwa lidapendeka asanachoke kwa Aroma. Nkhoswe ya Raymond idasinza mpaka chipewa kugwa.

Pa 2 Novembala adakumananso. Tsikulo a Blasius adafotokoza za anzeru ena amene amati lamulo ndi mawu a wolamulira, kaya ndi okoma kaya ndi owawa, ndi ena amene amati lamulo lopanda chilungamo si lamulo konse. A Clementina adamva mutu kugunda. Pobwerera adawatsekera njira a Blasius.

"Inu, Emmie sakugona tulo. Akamva njinga panja akuyesa abwera ndi hamala. Mungonena kuti malata atsale, pakamwa pakupwetekani?"

"Ndikangonena, wanena ndani? Ine Blasius, kapena lamulo?"

"Anene aliyense! Ngakhale Aroma anuwo abwere anene!"

Mvula yoyamba idagwa pa 21 Novembala. Anthu adathamangira kobzala, ndipo Raymond, amene tsopano ankakhala kwawo kwa Mposa, ankasiya munda wake n'kupalasa njinga kudzamva za makhoti a atsamunda. Nkhoswe yake idayamba kudwala mwendo tsiku la bwalo lokhalokha.

Pa 7 Disembala, a Blasius atangoti, "Tsono mu 1969 boma lidawonjezera mphamvu makhoti athu aja," Raymond adaimirira.

"Apongozi, pepani. Malatawo akhale. Ogona m'menemo ndi ana anga omwe. Koma chonde, musandiitanenso."

"Khala pansi, mwanawe, sitinafike pa mfundo!"

Raymond adakwera njinga osacheuka. Emmie adalowa m'nyumba, nakhala pamphasa, n'kuyang'ana kudenga nthawi yaitali.

A Clementina adatsala ndi mlongo wawo pansi pa mango. A Blasius ankadandaula kuti achinyamata a masiku ano safuna kumva chiyambi cha zinthu, ndipo mlandu watha wopanda chigamulo. Mayiwo adawayang'anitsitsa. Mwina nkhalambayi idachita dala kuti mkamwini atope?

"Achimwene, tandiuzani zoona. Munkadziwa chimene mukuchita?"

A Blasius adakonza pakhosi, nasendeza mpando.

"Funso limenelo, achemwali, lili mbali ziwiri."

A Clementina adatola khasu lawo n'kulunjika kumunda. Dengalo lilipo mpaka lero, ndipo a Blasius akuti bwalo lija adangoliimitsa kaye.